Ngongole ya Nyenyezi kwa Fumbi

Palibe munthu amene amakonda fumbi. M'mawa uliwonse amayi amalisesa pabwalo, mesenjala amalipukuta patebulo la abwana, ndipo mwana wasukulu amalikuntha kumapazi asanalowe m'kalasi. Mwezi wa Okutobala likanyamuka ndi kamvuluvulu timathamangira kutseka mazenera ndi kuvundikira chakudya. Nyenyezi ndiye timazipatsa ulemu wonse. Munthu zinthu zikamamuyendera timati akuwala. Masukulu, makwaya ndi magolosale ambiri amatchedwa Nyenyezi, Nthanda kapena Kuwala, koma chikwangwani cha golosale yotchedwa Fumbi sindinachionepo.

Komatu akatswiri a zakuthambo ali ndi nkhani imene iyenera kutipatsa maganizo. Iwo adapeza kuti kuthambo nakonso kuli fumbi, ndipo kuti nyenyezi za mtundu wa dzuwa lathu zimabadwira m'kati mwa fumbi limeneli, mothandizidwa nalo. Adapezanso kuti nyenyezi ikangobadwa imayamba kuuluza fumbi lomwe lidaibereka. Apa mpamene pagona funso limene ndikufuna kuti tilingalire limodzi: kodi chinthu chowala chili ndi ngongole yanji kwa chinthu chosawala chimene chidachithandiza kuwala? Ndiyamba ndi zakuthambozo, chifukwa funsoli silingamveke bwino tisanadziwe zimene fumbi limachita kumeneko.

Usiku wopanda mwezi, kutali ndi magetsi a m'tauni, Mlalang'amba umaoneka ngati mtsinje wa ufa wodutsa thambo lonse. Woyang'anitsitsa amaona kuti mtsinjewu uli ndi zigamba zakuda mmene simuoneka nyenyezi. Chigamba chodziwika kwambiri chili pambali pa nyenyezi zinayi zooneka ngati mtanda, zimene zimaoneka bwino chakummwera madzulo a miyezi ya Epulo, Meyi ndi Juni. Mtandawo amautcha Southern Cross, ndipo chigambacho amachitcha Coalsack, kutanthauza thumba la makala. Chili kutali moti kuwala, kumene kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, kumatenga zaka pafupifupi 600 kuti kuchoke kumeneko kudzafika m'maso mwathu.

Kwa nthawi yaitali anthu ophunzira ankakhulupirira kuti zigamba zotere ndi mabowo. William Herschel, woimba wa ku Germany amene adakhazikika ku England n'kusanduka katswiri wa zakuthambo, yemwenso adatulukira pulaneti ya Uranus mu 1781, adakumana ndi malo amdima otere m'gulu la nyenyezi looneka ngati chinkhanira. Iye adagamula kuti waona chibowo m'thambo, malo opanda kanthu. Herschel sadali munthu wopusa, ndipo telesikopu zake zidali zopambana zonse za nthawi imeneyo. Cholakwa chake ndi chofala pakati pa anthu mpaka lero: pamene sadaone kuwala, adati palibe chinthu.

Mmodzi mwa amene adasintha maganizo amenewa ndi Edward Barnard, wobadwa mu 1857 ku Nashville m'dziko la America. Bambo ake adamwalira iye asanabadwe, ndipo chifukwa cha umphawi adayamba ntchito ali ndi zaka 9 m'nyumba yojambulira zithunzi. Luso limene adaphunzira muumphawimo ndi lomwe adadzaligwiritsa ntchito pojambula Mlalang'amba kwa zaka zambiri. Poyamba nayenso ankati ndi mabowo, koma atapenda zithunzi zake mobwerezabwereza adaona kuti zigambazo zili ndi maonekedwe a chinthu chimene chaima kutsogolo kwa nyenyezi n'kuzitchinga. Mu 1919 adasindikiza mndandanda wa zigamba 182 zotere. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kenako mu 1930 Robert Trumpler, wogwira ntchito ku Lick Observatory ku California, adasonyeza kuti fumbili silili m'zigamba zokha. Lamwazika mu Mlalang'amba monse, ndipo limazilalitsa nyenyezi zakutali ndi kuzifiiritsa, monga mmene utsi wa moto wa m'tchire umafiiritsira dzuwa madzulo a mwezi wa Seputembala.

Kusawerengera fumbi kudabala cholakwa china chachikulu. Herschel atawerenga nyenyezi adapeza kuti zikuoneka zochuluka mofanana mbali zonse za Mlalang'amba, choncho mapu amene adajambula mu 1785 adaika dzuwa lathu pafupi ndi pakati pa zonse. Akatswiri ena adabwereza maganizo omwewa mpaka cha m'ma 1920. Zoona zake n'zakuti iwo ankangoona nyenyezi zapafupi, zakutali zitabisidwa ndi fumbi, monga munthu woima m'nkhungu amene amaona mtunda wofanana mbali zonse n'kuganiza kuti dziko lazungulira iye. Lero tikudziwa kuti dzuwa lili kutali ndi pakati pa Mlalang'amba, pa mtunda umene kuwala kumayenda zaka pafupifupi 26,000. Wonyoza fumbi amathera podziona ngati iye ndiye phata la zonse.

N'zochititsa chidwi kuti anthu ena opanda telesikopu sadagwe m'mbuna imeneyi. A Inca a kumapiri a Andes, ku South America, ankaona nyama m'zigamba zakudazo: njoka, chule, nkhandwe ndi llama, chiweto chawo chonyamula katundu. Eni nthaka a ku Australia amaonamo mbalame yaikulu yonga nthiwatiwa yotchedwa emu, mutu wake uli pa thumba la makala lija, thupi litatambalala mu Mlalang'amba. Sikuti anthuwa ankadziwa za fumbi la kuthambo ayi. Koma adali ndi mtima wovomereza kuti mdima ungathe kukhala chinthu chokhala ndi dzina ndi malo ake.

Nanga fumbi limeneli n'lotani? Tinjere take n'tating'ono kwambiri kuposa ta fumbi la mumsewu. Timafanana ndi ta utsi. Tambiri sitikwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, moti pangafunike tinjere mazana angapo tondandalikidwa kuti tifanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Tina n'topangidwa ndi zinthu zofanana ndi za mumchenga ndi m'miyala, tina ndi kaboni wonga mwaye wa kudenga la khitchini. Komanso fumbili n'lochepa. Pa makilogalamu 100 aliwonse a zinthu zoyandama pakati pa nyenyezi, pafupifupi 99 ndi mpweya, makamaka wa hayidirojeni, ndipo fumbi ndi kilogalamu imodzi yokha. Mpweya ndi fumbi zikaunjikana pamalo amodzi zimapanga mtambo waukulu umene akatswiri amautcha nebula. M'mitambo yotere kilogalamu imodzi ija imagwira ntchito zitatu zimene makilogalamu 99 aja sangazigwire bwino paokha.

Ntchito yoyamba ndi kupereka mthunzi. Kuti nyenyezi ibadwe, mpweya uyenera kuzizira ndi kudekha kufikira mphamvu yokoka itausonkhanitsa pamodzi. Koma kuthambo kwadzaza cheza champhamvu chotchedwa ultraviolet, chochokera ku nyenyezi zikuluzikulu, chimene chimatenthetsa mpweya ndi kuphwanya zinthu zimene zangoyamba kulumikizana. Fumbi la m'mphepete mwa mtambo limalandira cheza chimenechi pamsana pake, m'kati n'kukhala mdima ndi kuzizira kofika madigiri 263 pansi pa ziro, pamene madzi amaundana pa ziro penipeni. Mdima wotere ndi chikuta cha nyenyezi. Mu 1947 Bart Bok ndi Edith Reilly adanena kuti timitambo tating'ono takuda ndi mmene nyenyezi zimabadwira, ndipo patapita zaka zoposa 40 makina atsopano adapezadi nyenyezi zakhanda m'kati mwake.

Ntchito yachiwiri ndi unkhoswe. Mumtambo wobereka nyenyezi maatomu a hayidirojeni amakhala ogwirana awiriawiri. Koma awiri akakumana okha pamalo opanda kanthu, mphamvu ya kukumana kwawo imasowa kopita, choncho amangogundana n'kutayana. Pa kanjere ka fumbi zinthu zimayenda mosiyana. Atomu imatera pa kanjereko n'kuyendayenda mpaka itapeza inzake, ndipo zikagwirana kanjereko kamayamwa kutentha kwa mgwirizanowo. Awiriwo amanyamuka ali banja, kanjere n'kutsala kudikira ena. Aliyense amene adakhalapo nkhoswe akuidziwa ntchito imeneyi: kuyala mphasa, kumeza mawu otentha a mbali zonse ziwiri, kenako kuiwalika ukwati ukakoma. Pa tinjere tomweti ndi pamenenso hayidirojeni amakumana ndi okosijeni n'kupanga madzi, amene amaundana pa kanjere pomwepo.

Ntchito yachitatu ndi kutaya kutentha. Amene adapopapo tayala la njinga akudziwa kuti mpweya ukapanikizika umatentha. Mtambo nawo ukayamba kufinyika chifukwa cha kulemera kwake umatentha, ndipo kutenthako kumaukankhira kunja, kufuna kuumwazanso. Fumbi limatenga kutenthaku n'kukutulutsa ngati cheza chosaoneka ndi maso chotchedwa infrared, chimene chimadutsa mumtambomo n'kupita. Motero mtambo umapitiriza kufinyika kufikira pakati pake patatentha madigiri pafupifupi 10 miliyoni, pamene hayidirojeni amayamba kusanduka hiliyamu n'kuyatsa moto wa nyenyezi. Nyenyezi zoyambirira zenizeni zidabadwa fumbi kulibe, ndipo akatswiri amakhulupirira kuti zambiri mwa izo zidali zikuluzikulu ndi zosakhalitsa.

Fumbi lotsala silitayika lonse. Lina limazungulira nyenyezi yakhandayo litayalana ngati lichero, tinjere n'kumagundana ndi kumatana, kusanduka timiyala, matanthwe, mapiri oyandama, mpaka mapulaneti. Mu 2014 makina a ALMA, amene ali m'chipululu cha Atacama ku Chile, adajambula lichero lotere lozungulira nyenyezi yakhanda yotchedwa HL Tauri, lili ndi mizere yakuda imene akatswiri ambiri amati ndi njira zolambulidwa ndi mapulaneti ongoyamba kuumbika. Dziko lathu lidapangika mwa njira yomweyi zaka pafupifupi 4.5 biliyoni zapitazo. Chitsulo cha khasu, mwala wa mphero ndi kashiamu wa m'mafupa athu, zonsezi zidakhalapo fumbi loyandama mumdima.

Mbiri ili ndi nthabwala zake. Amene adatulukira cheza cha infrared chija ndi Herschel yemweyo. Mu 1800 iye adagawa kuwala kwa dzuwa m'mitundu ya utawaleza n'kupeza kuti kuseri kwa mtundu wofiira, kumene diso silionako kanthu, choyezera kutentha chikukwerabe. Sadadziwe kuti wagwira kiyi wa chibowo chake chija. Mu 2009 mayiko a ku Ulaya adatumiza m'mlengalenga telesikopu yoona fumbi lozizira n'kuitcha Herschel, ndipo idagwira ntchito mpaka 2013. Telesikopu ya James Webb, imene idanyamuka pa 25 Disembala 2021, imaonanso ndi infrared, ndipo mu 2023 idajambula mtambo wa Rho Ophiuchi, m'chigawo chomwecho cha thambo chimene Herschel adati mulibe kanthu. Chithunzicho chidaonetsa nyenyezi zakhanda pafupifupi 50. Zidali momwemo nthawi yonseyi, kudikira maso otha kuziona.

Tsopano tifike pa gawo lowawa la nkhaniyi. Mu 1995 telesikopu ya Hubble idajambula chithunzi chimene chidatchuka padziko lonse: zipilala zitatu za mpweya ndi fumbi mu Eagle Nebula, pa mtunda umene kuwala kumayenda zaka pafupifupi 6,500. Adazitcha Pillars of Creation, kutanthauza zipilala za chilengedwe, chifukwa m'nsonga zake mukubadwa nyenyezi. Pa chipilala chachitali, kuwala kumatenga zaka pafupifupi 4 kuti kuchoke kuphazi kukafika kumutu. Ambiri amagoma ndi kukongola kwake osadziwa kuti akuyang'ana mabwinja. Zipilalazo ndi zotsalira za mtambo waukulu umene ukudyedwa ndi cheza cha nyenyezi zikuluzikulu zimene zidabadwira mumtambo womwewo. Mu 2015 akatswiri adawerengera kuti zatsala ndi zaka pafupifupi 3 miliyoni kuti zitheretu. Ana akugwetsa nyumba imene adabadwiramo.

Zoterezi zikuchitikanso pamalo amene tingathe kuwaona ndi maso athu. M'miyezi ya dzinja, mitambo ya mvula ikapatuka, pambali pa nyenyezi zitatu za Akamwiniatsatana pamaoneka kamzere ka nyenyezi zozilala, ndipo yapakati pake imaoneka ngati kautsi. Kautsi kameneko ndi Orion Nebula, imene kuwala kwake kumatenga zaka pafupifupi 1,350 kudzatipeza. Mmenemo muli nyenyezi zakhanda masauzande. Pakati pa izo pali chimphona chotchedwa Theta-1 Orionis C, chowala ngati madzuwa oposa 100,000 ataphatikizidwa. Zithunzi za Hubble za m'ma 1990 zidaonetsa kuti cheza chake chikusungunula malichero a fumbi a nyenyezi zing'onozing'ono zoyandikana nacho, fumbi lomwe likadadzakhala mapulaneti. Kuwala kwa imodzi kukulanda zinzake mbewu.

Tiyerekeze ndi dzuwa lathu. Pambali pa chimphona cha ku Orion chija, dzuwa ndi kandulo chabe. Nalonso lidauluza mpweya ndi fumbi lambiri litabadwa, koma fumbi lina lidapeza nthawi youmbana. Zimene zidaumbikazo lidazisunga pafupi ndipo lakhala likuzifunditsa kwa zaka 4.6 biliyoni, komanso latsala ndi zina pafupifupi 5 biliyoni. Nyenyezi zikuluzikulu zimapsereza nkhuni zawo m'zaka mamiliyoni ochepa chabe n'kuphulika. Tikafunsa kuti yopambana ndi iti, woyang'ana kuwala kokha adzaloza ya ku Orion. Koma chimanga chimamera pansi pa dzuwa.

Titsike tsopano pansi pano. Ambiri a msinkhu wanga amene lero timakhala m'maofesi a boma tidayamba sukulu maphunziro a pulayimale asanakhale aulere mu 1994. Kuseri kwa satifiketi iliyonse yopachikidwa pakhoma kuli mbuzi imene idagulitsidwa, amayi amene ankakazinga zitumbuwa m'bandakucha, amalume amene adapereka ndalama za fodya, mlongo amene adalekezera sitandade 6 kuti fizi ikwanire mchimwene wake. Anthu amenewa adagwira ntchito zitatu zija za fumbi. Adamutchinga mwana ku dzuwa la umphawi, adamulumikiza ndi anthu omuthandiza, ndipo adameza kutentha kwa mavuto kuti iye aike mtima pa mabuku. Maina awo salembedwa pa satifiketi. Kuntchito nakonso n'chimodzimodzi: lipoti limatuluka ndi dzina la bwana, koma lidadutsa m'manja mwa kalaliki wosunga mafayilo, wotayipa ndi dalaivala, ndipo pali mlonda amene adachezera panja kuti kompyuta isabedwe.

Tsono chimachitika n'chiyani mwana akawala? Tonse tikuwadziwa anthu a mtundu wa Herschel, amene akafunsidwa za kwawo amayankha kuti kumudzi kulibe chilichonse. Tikuwadziwanso a mtundu wa chimphona cha ku Orion: bwana amene amachita manyazi amayi ake akafika ku ofesi atavala chitenje chakutha n'kuwalowetsera khomo lakuseri, wophunzira amene amagwiritsa ntchito Chingerezi chake kulanda munda wa abale osadziwa kuwerenga, mkulu wa pantchito amene amatsekereza wachinyamata waluso kuopa kuti angamuphimbe. Makolo adaziona kale izi. N'chifukwa chake adati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, adatinso ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame.

Wina anganditsutse kuti thambo si bwalo la milandu. Nyenyezi siisankha kuuluza fumbi, fumbinso silisankha kudzipereka. Zonse zimangotsata malamulo a chilengedwe monga madzi amatsata khwawa. Ndikuvomereza. Sitingaimbe mlandu Theta-1 Orionis C monga sitingaimbe mlandu fisi chifukwa chogwira mbuzi. Chilengedwe chimationetsa mmene zinthu zilili, sichitiuza mmene ziyenera kukhalira. Koma kutsutsa kumeneku kukungolemeretsa mlandu wa munthu. Nyenyezi ilibe chikumbumtima, munthu ali nacho. Iye amakumbukira amene adamulera, amatha kuona zimene kuwala kwake kukuchita kwa ena, ndipo angathe kuchepetsa moto. Chimene kwa nyenyezi ndi chibadwa, kwa munthu ndi chosankha, ndipo pamene munthu wasankha yekha mpamene angafunsidwe.

Wina anganenenso kuti kutamanda fumbi ndi njira yochenjera youzira osauka kuti akhutire ndi ufumbi wawo. Mantha amenewa ndi omveka. Tamva kangati pamisonkhano kuti mlimi ndiye msana wa chuma cha dziko, pamene mlimiyo akugulitsa mbewu zake pamtengo wosabweza ndi thukuta lomwe? Mawu okoma sagula feteleza. Ngati nkhani ya fumbi ingathere pa kuombera m'manja anthu amene tikuwadyera masuku pamutu, ndi bwino isakambidwe n'komwe. Palinso kusiyana kwakukulu pakati pa kanjere ndi munthu. Kanjere kalibe maloto, koma mlongo uja wa sitandade 6 adali ndi nzeru ndi maloto akeake. Sadabadwe fumbi, adaikidwa pamalo a fumbi ndi umphawi komanso ndi chizolowezi chokondera mwana wamwamuna. Kumuthokoza kokha sikukwanira ngati mwana wake wamkazi adzalekezerenso pomwepo.

Chotsutsa chachitatu ndi chimene apantchito ambiri amanong'onezana mwezi ukatha. Kodi ngongole imeneyi ili ndi malire? Malipiro ndi a munthu mmodzi, koma manja otambasuka ndi makumi awiri, ndipo ena mwa eni manjawo sadaponyepo ngakhale tambala pa fizi ija. Apanso pali choona. Nyenyezi yosatuluka m'chikuta siingaunikire aliyense, ndipo mwana amene wachoka pamudzi kukafuna moyo wake sadalakwe. Kholo limene limaona mwana ngati nkhokwe yodzatapamo limamulakwira. Munthu amene amapereka mpaka ana ake kugona ndi njala, kapena mpaka kuyamba kusolola ndalama za boma kuti asangalatse mudzi wonse, sakubweza ngongole. Akungoisamutsira kwa anthu ena osalakwa. Dzuwa nalo silifunditsa Mlalang'amba wonse. Limafunditsa zimene zili m'dera lake, koma limatero tsiku ndi tsiku osadumphitsa.

Choncho ngongole ya wowala siili ngati ya katapila, yoti ukabweza ndalama zakutizakuti ndiye kuti wamasuka. Palibe amene angabwezere amayi ake tulo timene adasowa pomulera. Ngongoleyi ili ndi njira zake zolipirira. Imalipidwa potchula poyera amene adatitchinga, m'malo momadzitama kuti tidadzilera tokha. Imalipidwa poonetsetsa kuti udindo wathu sukuotcha mwayi wa amene ali pansi pathu, ndiponso posamalira mokhulupirika ochepa amene tingawathe. Koposa zonse imalipidwa povomera kukhala fumbi la wina: kulipirira sukulu mwana wa mlongo uja, kuphunzitsa kalaliki wachinyamata ntchito mpaka atatiposa, kuyala mphasa pamene ena adzatamandidwirepo ife titaiwalika. Paja kupatsa n'kuika.

Nyenyezi nazo zimabweza, koma mochedwa. Fumbi la kuthambo limachokera ku nyenyezi zokalamba ndi zakufa. Betelgeuse, nyenyezi yofiira ya m'gulu la Akamwiniatsatana, idazilala modabwitsa kumapeto kwa 2019 ndi kumayambiriro kwa 2020, ndipo akatswiri adapeza kuti idatulutsa mpweya umene udazizira n'kusanduka fumbi lomwe lidaiphimba. Mu Febuluwale 1987 kudaoneka kuphulika kwa nyenyezi mu Large Magellanic Cloud, kamlalang'amba kooneka ngati kamtambo koyera chakummwera, ndipo mu 2014 makina a ALMA adaonetsa fumbi latsopano lochuluka zedi pamalo pamene nyenyeziyo idafera. Mwala umene udagwa kuchokera kumwamba ku Murchison m'dziko la Australia mu 1969 udapezeka mu 2020 kuti uli ndi tinjere ta zaka zofika 7 biliyoni, takale kuposa dzuwa lenilenilo. Tinjere timeneti ndi cholowa cha nyenyezi zimene zidafa dzuwa lisanabadwe. Koma taonani: pamene nyenyezi ikubweza fumbi, mtambo umene udaibereka umakhala utamwazika kale. Wolandira amakhala mtambo wina.

Anthu ambiri amatsanzira nyenyezi pa kuchedwa kumeneku. Agogo amene adagona pa mphasa yong'ambika zaka 20 amaikidwa m'bokosi lonyezimira, galimoto zitandanda mpaka kumsewu. Mankhwala amene adawasowa ali moyo mtengo wake sufika ngakhale theka la nkhata za maluwa. Chaka chikatha pamamangidwa chiliza cha matailosi pamanda a munthu amene nyumba yake inkadontha. Nyenyezi ili ndi chifukwa chochedwera, popeza fumbi lake silingatuluke isanakalambe. Munthu alibe chifukwa chotere. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo wakufa samva zikomo.

Pamaliro timakumbutsidwa kuti thupi lidzabwerera kufumbi, ndipo mawuwo timawamva ngati chiweruzo. Zakuthambo zikutiuza kuti fumbi lili kumayambiriro komwe, ndi kuti nyenyezi zimene timazitamazi zidayamba zasungidwa ndi chinthu chakuda. Usiku wina wa mwezi wa Meyi, magetsi akazima, tulukani panja muyang'ane chakummwera. Maso adzathamangira ku nyenyezi zinayi za mtanda zija, chifukwa ndi mmene maso adazolowerera. Akakhuta, asunthireni pambali pang'ono, pa thumba la makala lija, ndipo mudzifunse kuti mdima umene udakusungani inu uli kuti lero, nanga wagona utadya chiyani.